Mawu Obadwa Kawiri: Mbiri ya Ergonomics

Mawu akuti ergonomics anabadwa kawiri. Koyamba anabadwira ku Poland m'chaka cha 1857, koma sanakhalitse; anthu ochepa anawawerenga, kenaka n'kuwaiwala. Kachiwiri anabadwira ku London mu 1949, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, ndipo ulendo umenewu anakula mpaka kufalikira kulikonse. Pakati pa kubadwa kuwiriku pali zaka 92. Zimene zinachitika m'zaka zimenezo m'mafakitale azitsulo, m'nyumba zopangira zipolopolo ndi m'ndege zankhondo ndizo zinapatsa mawuwa tanthauzo limene ali nalo lero.

Mawuwo ndi olumikiza, ochokera ku Chigiriki. Ergon ndi ntchito, nomos ndi lamulo kapena mwambo wa kachitidwe ka zinthu. Tikawaphatikiza tikupeza malamulo a ntchito, koma osati aja a ku ofesi ya leba onena za malipiro ndi tchuthi ayi. Awa ndi malamulo amene thupi ndi mutu wa munthu zinabadwa nawo: msana ungawerame nthawi yaitali bwanji usanayambe kudandaula, diso lingayang'anitsitse chinthu chimodzi kwa mphindi zingati lisanayambe kuphonya, dzanja likatambasuka limafika pati. Nomos yemweyu ali kumapeto kwa economics, mawu amene poyambirira ankanena za kayendetsedwe ka pakhomo, komanso kwa agronomy, maphunziro a kasamalidwe ka munda ndi mbewu.

Woyamba kulemba mawuwa anali Wojciech Jastrzębowski, amene anabadwa mu 1799 n'kumwalira mu 1882. Anali mphunzitsi wa zachilengedwe pa sukulu ya zaulimi ya Marymont, kufupi ndi Warsaw, ndipo ankadziwika ndi kutenga ophunzira ake n'kuyenda nawo wapansi maulendo ataliatali, akuona zomera, miyala ndi kalimidwe ka anthu. Masiku amenewo dziko la Poland kunalibe pa mapu, chifukwa Russia, Prussia ndi Austria anali ataligawana. Anthu ataukira ulamuliro wa Russia mu 1830, Jastrzębowski analowa nawo nkhondoyo, ndipo mu 1831, mfuti zisanazizire, analemba maganizo ake a mmene mitundu ya ku Ulaya ingakhalire pansi pa malamulo amodzi popanda kumenyananso. Anali munthu wokonda kufunafuna lamulo limodzi lobisika kuseri kwa zinthu zambiri. Sizodabwitsa kuti munthu wotere, amene tsiku ndi tsiku ankalowa pa geti la sukulu yophunzitsa malamulo a munda, anadzifunsa ngati ntchito nayonso ilibe malamulo ake.

Nkhani yake inatuluka m'zigawo m'nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ya ku Poznań yotchedwa Przyroda i Przemysł. Inkanena za ergonomia monga sayansi ya ntchito yozikidwa pa zoona zimene timaphunzira m'chilengedwe. Iye anagawa ntchito pawiri: yothandiza, imene imatukula woigwira ndi anzake omwe, ndi yowononga. Yothandizayo anaigawanso panayi: ya thupi, ya kumva ndi kusangalala, ya nzeru, ndi ya mzimu, imene ndi kudzipereka chifukwa cha ena. Kwa iye kusewera, kuganiza ndi kutumikira zonse zinali ntchito, ndipo munthu wogwiritsa mbali imodzi yokha ya mphamvu zake, zinazo zitagona, anali kudziphwetekera moyo.

Tinene mosabisa kuti amene angawerenge nkhaniyo lero pofuna kudziwa kutalika koyenera kwa tebulo adzabwerako chimanjamanja. Ndi nkhani ya munthu woganiza mozama, yoyandikira ulaliki kuposa uinjiniya. Chaka chotsatira, mu 1858, katswiri wa zachuma wa ku France, Jean-Gustave Courcelle-Seneuil, anagwiritsanso mawu ofanana nawo, ergonomie, m'buku lake la zachuma, koma m'tanthauzo lina. Onse awiri sanapeze owatsatira. Nkhani ya Jastrzębowski inadzasindikizidwanso pamodzi ndi Chingerezi chake cha m'ma 1990, pamene mawuwo anali atatchuka kale kudzera njira ina.

Vuto lenilenilo ndi lakale kuposa dzina lake. M'mabuku akale a zamankhwala otchedwa ndi dzina la Hippocrates muli malangizo a mmene wochita opaleshoni ayenera kukhalira kapena kuimira, kumene kuwala kuyenera kuchokera, ndi poika zipangizo kuti dzanja lizizipeza mosavuta. Koma munthu amene anayamba kuona ntchito monga gwero la matenda, n'kuilondola mmisiri ndi mmisiri, anali dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini.

Mwini wake anafotokoza chimene chinamuyambitsa. Mumzinda wa Modena munali mwambo wopopa maenje a zimbudzi zaka zitatu zilizonse. Tsiku lina ntchitoyi ikugwiridwa pakhomo pake, Ramazzini anaona kuti munthu amene anali m'dzenjemo akugwira mwaphuma ngati akuthamangitsidwa. Anamumvera chisoni n'kumufunsa chifukwa chimene sakugwirira modekha kuti asatope. Munthu uja atadzutsa nkhope, dokotalayo anaona maso ofiira psuu, otsinzinira. Anayankha kuti mpweya wa m'dzenjemo umaotcha maso, ndipo wokhalamo kupitirira maola anayi amatsala pang'ono kuchita khungu. Chimene iye ankafuna ndi kumaliza msanga, athamangire kunyumba, akatsuke m'maso ndi madzi ofunda n'kudzitsekera m'chipinda chamdima. Ramazzini atayamba kufufuza mumzindamo anapeza kuti ena mwa akhungu opemphetsa m'misewu anali anthu amene kale ankagwira ntchito imeneyi.

Mu 1700 anatulutsa buku la matenda a amisiri, De Morbis Artificum Diatriba, ndipo analikulitsa mu 1713 ali ku Padua. Analemba za a m'migodi, oumba mbiya, opaka utoto, ophika buledi, azamba, ochapa zovala ndi ena ambiri. Anaona kuti si ziphe zokha zimene zimadwalitsa anthu pantchito, komanso kakhalidwe ka thupi: atelala ndi osoka nsapato amapindika msana chifukwa cha kuwerama, oima tsiku lonse amatupa mitsempha ya m'miyendo, ndipo alembi amavutika ndi zitatu, kukhala pansi kosalekeza, kuyendetsa dzanja mofanana kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndi kutopa kwa mutu poopa kulakwitsa mawerengero a bwana. Analangiza madokotala anzake kuti pa mafunso onse amene amafunsa wodwala awonjezerepo limodzi, lofuna kudziwa ntchito imene wodwalayo amagwira. Mpaka lero si dokotala aliyense amene amakumbukira kufunsa.

Patapita zaka pafupifupi 200, ntchito inayamba kuyezedwa ndi wotchi. Frederick Winslow Taylor, injiniya wa ku America, anagwira ntchito ku kampani ya zitsulo ya Bethlehem kuyambira 1898 mpaka 1901. Anapeza kuti aliyense wokoleka katundu pabwalo la fakitale ankabwera ndi fosholo yakeyake, ndipo fosholo yomweyo ankatapira malasha opepuka komanso miyala yolemera ya chitsulo. Potapa malasha fosholoyo inkanyamula zochepa kwambiri, potapa miyala inkathyola msana. Taylor anayesa mafosholo osiyanasiyana mpaka anapeza kuti munthu wamphamvu amatapa zochuluka patsiku ngati fosholo ikunyamula mapaundi 21, omwe ndi makilogalamu osakwana 10. Kampani inagula mafosholo a misinkhu yosiyana, yaikulu ya zopepuka, yaing'ono ya zolemera.

Apa munthu akhoza kuwomba m'manja, chifukwa chida chasinthidwa kuti chigwirizane ndi thupi. Koma tiyeni tione mawerengero a Taylor mwini wake, m'buku lake la mu 1911. Anthu apabwalo paja anali pakati pa 400 ndi 600, anatsala 140. Aliyense ankatapa matani 16 patsiku; anayamba kutapa 59. Malipiro anakwera kuchoka pa $1.15 kufika pa $1.88. Ntchito ya munthu mmodzi inachuluka kupitirira katatu, malipiro osafika n'kawiri komwe, ndipo mazana a anthu anachotsedwa pabwalopo. Olemba mbiri a pambuyo pake anapezanso kuti nkhani zina Taylor anakokomeza. Fosholo ija sinapangidwe kuti msana upume, koma kuti msana utulutse zonse zimene uli nazo. N'chifukwa chake mu 1911 amisiri a pa fakitale ya zida zankhondo ya Watertown Arsenal ananyanyala ntchito munthu wa wotchi ataima kumbuyo kwa mnzawo.

Frank ndi Lillian Gilbreth, mwamuna ndi mkazi wake, anali ofatsirapo. Frank anayamba ngati womanga nyumba, ndipo anaona kuti mmisiri amawerama kutola njerwa iliyonse pansi, n'kuitembenuza kufuna mbali yabwino, n'kuweramanso kutapa matope. Anapanga nsanja yokwezeka, yokhala ndi shelefu, kuti njerwa ndi matope zizikhala pa msinkhu wa m'chiuno pamene khoma likukwera. Mayendedwe a thupi poika njerwa imodzi anatsika kuchoka pa 18 kufika pa 5 kapena kucheperapo. Lillian anali katswiri wa maganizo a anthu, ndipo ndiye ankakumbutsa kuti kutopa nakonso n'kofunika kukuyeza.

Otsutsa Taylor mwamphamvu anatulukira ku Russia. Pa msonkhano wa kayendetsedwe ka ntchito umene unachitika ku Moscow mu 1921, Vladimir Bekhterev ndi Vladimir Myasishchev anakana zoti munthu asandutsidwe chitsulo cha makina. Iwo anati cholinga chikhale ntchito yochuluka koma yosawononga thanzi, yosafooketsa, yosiya munthu akukula m'nzeru. Anafuna sayansi yatsopano, ndipo mayina amene anaiganizira, ergologia ndi ergonologia, anachokeranso ku ergon yemwe uja. Maganizowo sanapite patali m'dziko limene posakhalitsa linayamba kupembedza anthu ophwanya malire a ntchito.

Ku Britain phunziro linabwera ndi nkhondo yoyamba. Zipolopolo zitachepa mu 1915, anthu m'mafakitale, ambiri mwa iwo amayi, anayamba kugwira maola oposa 70 pa mlungu, Lamlungu lomwe osapuma. Boma linakhazikitsa komiti yoona za thanzi lawo, ndipo komitiyo inapeza chinthu chimene mabwana sankachiyembekezera: maola akachuluka, ngozi ndi kujomba zimachuluka, katundu wopangidwa pa ola amachepa, ndipo m'malo ena kuchepetsa maola kunachulukitsa katundu wa mlungu wonse. Mu 1918 kunabadwa bungwe lofufuza za kutopa m'mafakitale, Industrial Fatigue Research Board.

Komabe mpaka apa nzeru yaikulu inali yosankha munthu woyenera makina, n'kumuphunzitsa mpaka azolowere. Makina anali mfumu. Akalephera ndi munthu. Nkhondo yachiwiri ndiyo inagwetsa maganizo amenewa, chifukwa ndege, sitima zapamadzi ndi zida zoonera adani patali zinafika povuta kotero kuti ngakhale anyamata osankhidwa bwino, ophunzitsidwa bwino, ankalakwitsabe, ndipo kulakwitsa kwake kunali maliro.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ndege yoponya mabomba ya B-17. Ndege zambiri zinkabwerako bwinobwino ku ulendo, n'kutera, kenaka matayala n'kupindikira m'kati ili pa liwiro pabwalo, ndegeyo n'kukhwekhwereza mimba pansi. Malipoti ankangoti woyendetsa walakwitsa. Alphonse Chapanis, katswiri wachinyamata wa maganizo a anthu amene ankagwira ntchito ku Wright Field, m'chigawo cha Ohio, analowa m'chipinda cha woyendetsa n'kuyang'ana. Anapeza timaswitchi tiwiri tofanana ndendende, toyandikana. Kena kanali kokweza ndi kutsitsa matayala, kena kanali ka zipsepse za kumbuyo kwa mapiko, zimene woyendetsa amazibweza akangotera. Munthu wotopa, amene wakhala mumlengalenga maola ambiri, maso ali kutsogolo pa msewu wa ndege, ankatambasula dzanja n'kukhudza kolakwika. Mankhwala ake anali otchipa zedi: pa switchi ya matayala anamatapo kagudumu ka labala, pa inayo kanthu kosongoka ngati phiko. Zala zinayamba kudziwa zokha chimene zagwira, ndipo ngozi za mtundu umenewu zinatha. Mpaka lero malamulo a kapangidwe ka ndege amafuna kuti chogwirira cha matayala chikhale chooneka ngati tayala.

Mu 1947 Paul Fitts ndi Richard Jones anasanthula nkhani 460 za oyendetsa ndege amene analakwitsa pogwira zowongolera, ndipo anaonetsa kuti zolakwa zambiri zinali zobadwira m'kapangidwe ka chipindacho. Ku Cambridge, ku England, Kenneth Craik ndi Frederic Bartlett anamanga chipinda choyerekezera cha ndege kuti aone mmene luso limasokonekera munthu akatopa. Norman Mackworth anafunsidwa chifukwa chimene oyang'anira rada ankaphonyera sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Anakhazika anthu patsogolo pa wotchi yopanda manambala, imene muvi wake unkadumpha kamodzi pa sekondi, koma mwa apo ndi apo n'kudumpha kawiri. Ntchito yawo inali kudina batani akaona kudumpha kwakukuluko, kwa maola awiri. Itangotha theka la ola loyamba, kuphonya kunkayamba kuchuluka. Sikunali ulesi kapena kusowa mwambo; ndi mmene mutu wa munthu ulili. Yankho silinali kukalipira mlonda koma kumusinthitsa msanga.

Nkhondo itatha, anthu amene anagwirira limodzi ntchito zoterezi anayamba kubalalika, aliyense kubwerera ku nthambi yake: madokotala, akatswiri a kapangidwe ka thupi, a maganizo, mainjiniya. Hywel Murrell, amene anaphunzira za kemisitiri koma nkhondo inamulowetsa m'kafukufuku wa mmene asilikali amagwirira zida, sanafune kuti nzeruzo zimwazike. Mu July 1949 anaitanitsa kagulu ka anthu ku maofesi a asilikali apamadzi ku London, ndipo anagwirizana zoyambitsa bungwe. Vuto linali dzina. Likanakhala la madokotala, mainjiniya akanaona ngati ndi alendo. Likanakhala la akatswiri a maganizo, enawo akanakhumudwa. Murrell anapita ku Chigiriki, chimene sichinali cha nthambi iliyonse, n'kulumikiza ergon ndi nomos. Kumayambiriro kwa 1950 dzinalo linavomerezedwa, ndipo bungwelo linatchedwa Ergonomics Research Society. Magazini yake ya kafukufuku, Ergonomics, inayamba kutuluka mu 1957. Chaka chomwecho Amereka anayambitsa bungwe lawo, koma iwo anakonda dzina lakuti human factors, ndipo mayina awiriwa akuyendabe limodzi. Bungwe la mayiko onse, International Ergonomics Association, linakhazikitsidwa mu 1959.

Chimene mbadwo wa Murrell unachita ndi kutembenuza funso. Kale ankafunsa kuti munthu uyu tingamuumbe bwanji kuti akwane pa ntchitoyi. Tsopano anayamba kufunsa kuti ntchitoyi tingaikonze bwanji kuti ikwane munthu. Koma munthu wake uti? Apa panatulukanso phunziro lina. Mu 1950 asilikali a ndege a ku America anayeza matupi a amuna 4,063 ogwira ntchito m'ndege, pofuna kupeza msinkhu wa munthu wapakatikati woti azipangira mipando ndi zipinda. Gilbert Daniels anatenga miyezo khumi, monga kutalika, kukula kwa chifuwa ndi kutalika kwa mkono, n'kufunsa kuti ndi angati amene ali pakatikati pa miyezo yonse khumi. Sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Wamtali mikono ankapezeka wamfupi miyendo, wachifuwa chachikulu n'kukhala wa m'chiuno mochepa. Zili ngati telala amene wayeza ana onse a sukulu, n'kuphatikiza miyezo yawo, n'kusoka yunifolomu ya saizi imodzi: palibe mwana amene ingamukhale bwino. Phunziro lake linali lakuti mipando, zopondera ndi malamba ziyenera kupangidwa zosunthika, ndipo kachitsulo kamene dalaivala amakoka pansi pa mpando wa galimoto kuti asendere kutsogolo kali ndi nzeru yomweyo.

Si kulikonse kumene funso linatembenuka. M'zaka zomwezo, migodi ya golide ya ku South Africa inali ikuzama, ndipo pansi pake pankatentha moti anthu ankakomoka ndi kufa. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, linali ndi labotale ya kafukufuku wa thupi la munthu, yotsogozedwa ndi Cyril Wyndham, ndipo sayansi yake inali yapamwamba, yodziwika m'mayiko ambiri. Koma mbali yaikulu ya ntchito yake inali yozoloweretsa munthu kutentha. Olembedwa kumene ankalowetsedwa m'chipinda chotentha ndi chachinyontho, atavula, n'kumakwera ndi kutsika pa kachitsa motsatira kugunda kwa chizindikiro, maola anayi patsiku kwa masiku angapo, akuyezedwa kutentha kwa thupi. Njirayi inachepetsadi imfa, koma amene anaidutsa ankaida kwambiri, ndipo inali ya anthu akuda. Pakati pawo panali amuna ambirimbiri a ku Malawi opita ku Joni kudzera ku Wenela, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anapitirira 100,000. Kuziziritsa mgodi kunali kodula. Kuumba munthu kunali kotchipa.

Ku California nkhondo yake inali ya khasu. M'minda ikuluikulu ya letesi ndi mbewu zina, ogwira ntchito, ambiri ochokera ku Mexico, ankapatsidwa kakhasu ka mpini waufupi kwambiri, kamene ankakatcha el cortito. Munthu ankayenda chowerama kuyambira mmawa mpaka madzulo. Eni minda ankati mpini wautali umawononga mbewu, koma ogwira ntchito ankadziwa chifukwa china: onse akawerama, kapitawo amaona msanga amene waweramuka. Loya wina, Maurice Jourdane, anasonkhanitsa umboni wa madokotala wosonyeza misana yowonongeka ya anthu osakalamba, nkhani inafika ku khoti lalikulu la chigawocho, ndipo mu 1975 khasulo linaletsedwa. Letesi sanaleke kumera.

Wowerenga wa kuno kwathu sangalephere kuganiza za khasu lake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mabungwe a IFAD ndi FAO anafufuza zida zimene amayi amalimira ku Burkina Faso, Senegal, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'malo ambiri anamva kuti wolima choimirira ndi mpini wautali amatengedwa ngati waulesi. Komabe tisafulumire kufananitsa. Mlimi wa m'munda mwake amasankha yekha mpini, amakhomera yekha khasu, amadziwa kuti kupalira ndi kubandira sizifuna khasu limodzi, ndipo msana ukauma amaweramuka popanda womukalipira. Amene ali pafupi ndi anthu a ku California aja ndi waganyu wopatsidwa ndime, wogwira khasu la eni ake. Kufupika kwa mpini ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Mbali ina ndi yakuti ndani ali ndi mphamvu yonena kuti tsopano ndipume.

Pa 28 March 1979 dziko linaona kuti kapangidwe kolakwika ka nyali imodzi kakhoza kuopseza chigawo chonse. Pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island, ku Pennsylvania, valavu ina inakanirira yotseguka, madzi oziziritsa n'kumatayika. Nyali ya pa bolodi inazima, ndipo oyang'anira anamva kuti valavu yatsekeka. Koma nyaliyo inkangosonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa, osati kuti valavuyo yamvera. Ma alamu oposa 100 analira m'mphindi zoyambirira, osasiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Panadutsa maola oposa awiri asanatseke njira ya madziyo, ndipo mbali ya mtima wa makinawo inasungunuka. Kuchokera apo ergonomics inazindikirika kuti si ya minofu ndi mafupa okha. Tanthauzo limene bungwe la mayiko onse lija linavomereza mu 2000 limatchula mbali zitatu: ya thupi, ya maganizo, ndi ya kayendetsedwe ka ntchito, monga mashifiti ndi kagawidwe ka maudindo.

Chimene chinatulutsa mawuwa m'malabotale n'kuwafikitsa m'kamwa mwa anthu wamba ndi kompyuta. Matenda aja Ramazzini anawaona mwa alembi anabwereranso mwa otayipa: dzanzi m'zala, kuphwanya kwa mkono, kuuma khosi. Ku Australia m'zaka za m'ma 1980 odandaula anachuluka mpaka nkhaniyo inadzaza manyuzipepala ndi makhoti. Mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya anaika lamulo la ogwira ntchito pa kompyuta mu 1990. Ku America lamulo la ergonomics linatuluka mu November 2000, koma eni makampani anati n'lodula, ndipo nyumba ya malamulo inalifafaniza mu March 2001. South Africa inatulutsa malamulo ake mu December 2019, okakamiza olemba anthu ntchito kuunika zoopsa za mtundu umenewu pamalo awo.

Amalonda nawo sanagone. Mu 1976 kampani ya Herman Miller inatulutsa mpando wotchedwa Ergon, umene Bill Stumpf anaupanga atatha zaka akuphunzira mmene anthu amakhalira. Umenewo unali ndi kafukufuku kumbuyo kwake. Koma mawuwo atayamba kugulitsa katundu, anamatidwa paliponse: pa mipando, pa mausi, pa zolembera, pa miswachi, pa zikwama za ana. Sayansi imene inayamba ndi kufunsa chifukwa chimene ndege zikugwera yafupikitsidwa, m'maganizo a ambiri, kukhala dzina la mpando wakuda wa matayala. Kumeneku n'kuichepetsa, chifukwa mpando wabwino suthandiza munthu amene saloledwa kudzuka kwa maola asanu ndi atatu.

Ndiponso palibe chinthu chimene chili ergonomic pachokha. Chimakhala chotero kwa munthu wakutiwakuti, pa ntchito yakutiyakuti; mpando wokwana mlembi wamtali ukhoza kulendewetsa miyendo ya mnzake wamfupi. Mawuwo alibe mwini, ndipo wogulitsa aliyense akhoza kuwadinda pa katoni. Choncho mukawaona m'sitolo musawakhulupirire msanga. Khalani pampandopo, muone ngati mapazi akuponda pansi bwinobwino, ngati m'munsi mwa msana mwatsamira, ngati zigongono zikulingana ndi tebulo limene mumagwirirapo ntchito, ndiponso ngati mpandowo ukukwera ndi kutsika. Wogulitsa akakukanizani kuuyesa, musagule.